Mapesi a m'Munda wa Manesi

Munda umene amayi ake a Manesi anasiya unali pamtsetse, kuseri kwa phiri loyang'anana ndi Malomo. Mvula ikagwa kumeneko madzi safunsa njira, amangotsika ndi dothi, ofiira ngati thobwa la mawere, n'kukathira kudambo. Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho minda yonse ya pamtsetsepo inali itasosedwa kale, mizere ili ndandanda kudikira mvula. Wa Manesi wokha ndiwo unali utafunda mapesi, masamba ouma a kalongonda ndi nthambi za nandolo, zonse zili mbwee kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Odutsa ankauyang'ana kamodzi n'kubweza maso msanga, monga achitira munthu akaona mnzake chitenje chitamuvuka.

Manesi anali ndi digiri ya Chisipanishi, chinthu chimene m'mudzimo ankachitchula motsitsa mawu ngati matenda. Chiyankhulocho anachiyamba ali ku sekondale ku Madisi, kwa sisitere wina wokalamba wa ku Spain amene ankasamalira mabuku. Atsibweni ake, a Langton, omwe anali mkulu wa mpingo, sanakondwe kumva kuti mwana wa m'banja lawo akuswera kwa Akatolika. Koma amayi ake anawayankha kuti chiyankhulo sichibatiza munthu, nkhani n'kuthera pomwepo. Atakhoza mayeso a Fomu 4, sisitere uja anamupezera mwayi wa sukulu ku Honduras, kutsidya kwa nyanja yaikulu.

Kumeneko mphunzitsi wina anamufunsa chimene adzachite ndi Chisipanishi akadzabwerera kwawo. Manesi anaganiza sabata yathunthu, n'kuona kuti chiyankhulo pachokha chili ngati mpini wopanda khasu: ukhoza kuusenza tsiku lonse koma sulima. Choncho anawonjezera maphunziro a za nthaka. Ankapita ndi anzake kumapiri otsetsereka kuposa a ku Ntchisi, kumene alimi saotcha mapesi ndipo sapanga mizere. Amadzala kalongonda pakati pa chimanga n'kusiya zonse kuti ziwolerane pansi, ndipo dothi lawo limakhala lakuda, mvula siilikokolola. Zonsezi Manesi anazilemba m'makope asanu ndi limodzi, m'Chisipanishi chokhachokha.

Amayi ake anamwalira iye ali m'chaka chachitatu, ndipo Manesi sanathe kubwera kumaliro. Amene anawasambitsa, kuwaveka yunifolomu ndi kuwaimbira mpaka kumanda anali amayi a Chigwirizano cha kumpingo, motsogozedwa ndi a Ester, mnzawo wa malemuwo kuyambira pa utsikana.

Atabwerako anayenda m'maofesi a ku Lilongwe mpaka nsapato zinatha chidendene. Bambo wina atawerenga satifiketi yake anaseka, nati mwina azikamasulira mpira wa ku Spain m'nyumba zoonetsera kanema. Pamapeto pake Manesi anabwerera kumudzi n'kuyamba kuchita m'munda wa amayi ake zimene zinali m'makope muja.

Zaka ziwiri anaulondera mundawo ngati mwana wodwala. Chilimwe ankapirikitsa mbuzi, ndipo analambula m'malire monse kuti moto wa osaka mbewa usalowe. Akakhala yekha ankagwada, n'kukankha mapesi pambali, n'kulowetsa zala pansi. Chaka choyamba zala zinkabwerera. Chaka chachiwiri zinkalowa mpaka m'chikhatho, dothi lili lozizira, lakuda, nyongolotsi zikuyendamo. Ankabwezera mapesi aja pamalo pake osauzako munthu.

Kenako kunabwera uthenga pafoni. Bungwe lina la ku Spain linkafuna munthu mmodzi woti aziphunzitsa alimi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kusamala nthaka, yemwenso azilemba malipoti m'Chisipanishi. Mtsogoleri wake, mayi Pilar, analemba kuti adzafika Lachisanu la sabata yachitatu ya Okutobala kudzaona munda ndi maso ake. Manesi anawerenga uthengawo kanayi. Kwa nthawi yoyamba mpini ndi khasu zinali pamodzi.

Masiku omwewo a Langton anamuitana pakhonde. Monga mwini mbumba, mawu otsiriza pa minda ya alongo awo anali awo. Pambali pawo panakhala Godwin, mwana wa amayi ake aang'ono a Manesi, mlimi wa fodya, akusenda nzimbe ndi mano.

"Sinyorita wafika," anatero Godwin, pomutchula dzina lomuseka nalo chifukwa cha Chisipanishi. "Kodi njoka zako zija m'mundamo ukuzidyetsa chiyani? Zanenepa."

"Mulibe njoka, achimwene."

"Nanga ndi famu ya chiswe?"

A Langton anakweza dzanja, Godwin n'kutonthola. Anayankhula pang'onopang'ono, maso ali pa ndodo yawo.

"Mphwanga, munda si malo osungirako zinyalala. Mchimwene wakoyu ali ndi ana anayi, ndipo nazale yake ya fodya kudimba yamera bwino, posowa ndi powokera. Ndakupirira zaka ziwiri chifukwa cha mlongo wanga. Tsono imva. Azungu akowo akakulemba ntchito ya mundawu, ndidziwa kuti ine ndiye wosaona, ndipo mundawo ukhala wako mpaka kalekale. Akakana, mvula yoyamba Godwin awokeramo fodya. Wamva?"

"Ndamva, atsibweni."

"Uli ndi mawu?"

Mawu analipo, ambiri. Anadziwa kuti chimanga chake chaka chachiwiri chinapirira ng'amba ya mu Febuluwale pamene cha anzake chinapota masamba. Anadziwa chifukwa chake, ndi dzina la chilichonse chochitika pansi pa mapesi. Koma zonsezo zinkabwera m'mutu mwake m'Chisipanishi, zitandandalikana monga zinalili m'makope, ndipo pozisandutsa Chichewa pamaso pa akuluakulu lilime linkalemera. Kuyambira ali mwana anali wotero. Anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndilibe, atsibweni."

Lamulungu lotsatira, akuchokera kutchalitchi, a Ester anamupeza panjira yodutsa m'mbali mwa mundawo. Anali mayi wamfupi, wa mawondo otupa, woyenda mopendekeka. Anaima n'kuyang'ana mapesi aja nthawi yaitali.

"Mwanawe, ndamva kuti kukubwera alendo."

"Inde amayi, Lachisanu."

"Kudzaona munda uwuwu?"

"Inde."

A Ester anapuma mozama. "Amako munda uwu ankausesa ngati pabwalo. Pofika mwezi uno mizere inali itatha, yoongoka ngati yojambula ndi chingwe. Komatu manja awiri ndi awiri basi. Sitikukunena, tikuona kuti uli wekha."

Apa ndi pamene Manesi akanagwada n'kukankha mapesi pambali kuti a Ester aone okha. Panali mapazi atatu okha kuchoka pomwe anaima. Koma zikanakhala ngati akuuza mnzawo wa amayi ake kuti iye ndi malemuwo analima molakwa moyo wawo wonse. Anapinda manja kumbuyo.

"Musavutike, amayi."

"Kuvutika kwake kuti?" anatero a Ester, n'kumugwira patsaya. Kwawoko aliyense wofuna thandizo amayankha choncho, ndipo a Ester anamva zimene anazolowera kumva.

Lachinayi m'mawa Manesi anakwera minibasi pa Malomo kupita ku Lilongwe, kuti mawa lake adzatsogolere alendo njira. Anagona kwa mnzake wa kusukulu, ndipo kutacha anakumana ndi mayi Pilar, mzimayi wa imvi zodula, wa nsapato zafumbi. Atangoyamba kuyankhulana, Manesi anasanduka munthu wina. M'Chisipanishi sankayang'ana pansi. Anaseka, anatsutsa, analoza ndi chala mapiri ometeka a ku Dowa n'kufotokoza mmene angawavekere. Dalaivala, bambo wa ku Mtengowanthenga, ankamusuzumira pagalasi modabwa.

"Ndawerenga zonse zimene unanditumizira," anatero mayi Pilar. "Ngati munda wako uli theka chabe la zimene unalemba, sindifunanso kuona munthu wina."

Anafika dzuwa likuyandikira paliwombo. Galimoto inaima pamene msewu unathera, iwo n'kuyamba kukwera wapansi. Fungo ndilo linayamba kumufika Manesi, fungo la phulusa lagona usiku umodzi. Anadziuza kuti ndi la minda ya ena. Kenako anamva nyimbo.

Pamalire a mundawo panaima amayi a Chigwirizano oposa khumi ndi asanu, atavala malaya oyera, masiketi akuda ndi maduku oyera, akuimba nyimbo yolandira alendo. Pambali panali chidebe cha thobwa chovundikira ndi nsalu. A Langton anali pampando pansi pa mtengo wa mango atavala jekete, Godwin ataima kumbuyo kwawo.

Kuseri kwa amayiwo munda unali mbee. Panalibe phesi ngakhale limodzi. Mizere yatsopano inadutsa mopingasa kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, yoongoka ngati yojambula ndi chingwe. Apo ndi apo panali milu ya phulusa, ina ikufukabe utsi wopyapyala.

Miyendo ya Manesi inapitiriza kuyenda yokha. Nyimbo itatha a Ester anabwera akupendekeka, nkhope ikuwala thukuta ndi chimwemwe.

"Tinayamba dzulo mbandakucha, m'malo mwa msonkhano wathu," anatero. "Amuna athu ena anatithandiza mizere. Tinati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene waona amapita nazo. Sitikanalola kuti mwana wa mnzathu achite manyazi. Koma iwe, dothi lake. Khasu limangolowa lokha ngati mu ufa, mwezi uno. Amako anasiya dalitso m'munda muno."

Anatambasula manja kuti amukumbatire. M'zikhatho mwawo munali matuza, ena ataphulika.

Mayi Pilar anali atalowa kale m'mundamo. Anawerama, natapa dothi pamwamba pa mzere. Linali lakudabe, koma dzuwa la masiku awiri linali litaliumitsa, ndipo linayoyoka m'zala zake. Pafupi ndi phazi lake panali nyongolotsi zitatu zouma, zopindika ngati tizingwe. Anaimirira n'kuitana Manesi ndi mutu.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa m'Chisipanishi.

"Asosa. Aotcha."

"Ndikuona. Amachita dala? Pali amene sakufuna kuti upambane? Zimenezi ndinazionapo m'mayiko ena. Ngati ndi choncho undiuze, ndidziwa cholemba."

Manesi anayang'ana kumtengo wa mango. Godwin ankayang'ana kumbali, akukanda khosi. Zikanakhala zosavuta. Palibe mwa anthu onsewo akanamva chimene iye wanena, ngakhale atawatchula adani, ansanje kapena mbuli. Akanatha kunena akumwetulira, iwo n'kumwetuliranso. Anayang'ananso a Ester, amene ankapukuta makapu a thobwa ndi nsonga ya chitenje.

"Ayi," anatero. "Amandithandiza."

"Tsono afunse. Ndikufuna kumva kwa iwo. Afunse ngati akudziwa chifukwa chimene mapesi anasiyidwira pansi."

Manesi anatembenukira kwa amayiwo. Mawu ake anabwerera mwakale, aang'ono, olunjika pansi.

"Amayi, mlendoyu akufunsa ngati mukudziwa chifukwa chimene mapesi anali pansi."

Amayiwo anayang'anana. Wina kumbuyo anaseka pang'ono, poyesa kuti ndi nthabwala zachizungu.

"Chifukwa?" anatero a Ester. "Umuuze kuti mwanayu ndi wamasiye. Anakhalitsa kusukulu, khasu linamuiwala. Si ulesi ayi, asakamulembe kuti ndi waulesi. Umuuzenso kuti ife tilipo, chaka chilichonse tizimusosera."

Manesi anamasulira zonse, osasiyapo liwu limodzi. Anamva pakamwa pake pakutuluka m'Chisipanishi chosalala mawu akuti khasu linamuiwala.

Mayi Pilar anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Wakhala kuno zaka ziwiri?"

"Inde."

"Pa zaka ziwirizo wauza anthu angati chimene umachita?"

Kumtunda mbuzi inalira. Mulu wina wa phulusa unatitimira, utsi n'kukwera.

"Palibe."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi."

"Manesi, dothi ili ndaliona, ndipo ndikukhulupirira zonse zimene unalemba. Koma ntchito imene ndili nayo ndi youza alimi mazana anayi. Awa ndi anthu okukonda, akhala mapazi ochepa kuchoka pa munda wako." Sanamalize. Anabwezera magalasi kumaso. "Ndikulembera sabata yamawa."

Mwambo unayenera kutha bwino. Mlendo anapatsidwa mpando ndi kapu ya thobwa, a Langton anapemphera pemphero lalitali lothokoza chifukwa cha manja ogwirizana. Kenako inali nthawi ya mwini munda. Manesi anagwada pamaso pa amayi aja, mawondo ali m'phulusa, naomba m'manja mofatsa.

"Zikomo amayi. Mwagwira ntchito yaikulu. Mulungu akubwezereni mphamvu."

"Iyayi, n'zochepa," anayankha onse pamodzi.

A Ester anamukokera pambali n'kunong'ona. "Wati bwanji mzunguyo? Wakondwa?"

"Wati dothi ndi labwino."

"Ndinadziwa."

Uthenga unafika patatha masiku asanu ndi atatu. Ntchito inapatsidwa kwa mlangizi wina wa zaulimi wa ku Dowa, bambo wodziwa kuimirira pamsonkhano koma wosadziwa liwu limodzi la Chisipanishi. Mayi Pilar anapempha kuti, ngati Manesi angalole, azimutumizira malipoti a bamboyo miyezi itatu iliyonse kuti aziwamasulira. Manesi anawerengera atsibweni ake uthengawo m'Chichewa, wonse monga unalili.

"Ndiye kuti ya munda ija sanakulembe," anatero a Langton.

"Sanandilembe."

"Mawu ndinanena kale, mphwanga. Sindingawameze."

Godwin sanamutchule Sinyorita tsiku limenelo. Anangoti, "Mizere ija ndiisintha pang'ono, ya fodya imafuna kutalikirana," n'kunyamuka.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala, masana, yamphamvu. Itayamba kudontha, Manesi anatenga ambulera n'kukwera kumunda, osadziwa chimene akukafunako. Godwin ndi mkazi wake anali atawokera mizere ingapo ya kumtunda n'kuthawira kunyumba, mbande zotsala zili m'dengu pansi pa mango. Pansi pa mtengo womwewo anapezapo a Ester, amene mvula inawatsekereza akuchokera kudimba.

Anaima awiriwo phewa ndi phewa, madzi akudontha m'masamba. A Ester ndiwo anayamba.

"Ndamva kuti sanakutenge. Ndakhala ndikudzifunsa, kodi tinasiya pena posasosa bwino?"

Manesi anatsegula pakamwa kuti anene kuti ayi amayi, musadandaule. Koma mwina chifukwa panalibenso choti ataye, mawu ena anatuluka. Anawauza kuti mapesi aja anali chofunda. Kuti dothi likafunda dzuwa sililiwotcha, mvula siilimenya, madzi amalowa pansi m'malo mothamanga. Kuti kalongonda ndi nandolo zimadyetsa nthaka ngati manyowa, ndipo nyongolotsi ndizo zinkalima m'malo mwa khasu. Kuti kufewa kuja sikunali dalitso la amayi ake, kunali zaka ziwiri za mapesi owola, ndipo mzungu uja anabwera kudzaona mapesiwo.

Zonsezo zinatenga nthawi yochepa kuposa yowiritsa madzi a tiyi. Panalibe liwu limene linasowa m'Chichewa.

A Ester anatembenuza zikhatho zawo n'kuziyang'ana. Matuza aja anali atauma, atasiya zipsera zoyera.

"Tinali anthu khumi ndi asanu ndi awiri," anatero potsiriza. "A Nabanda anabwera ndi msana wawo uja." Anakweza maso. "Bwanji sunanene, mwanawe? Tinaima pompaja. Ndinakufunsa."

Manesi anatembenukira kumunda.

Mvula inakula. Madzi anadzaza m'makwawa a pakati pa mizere, nayamba kufuna potulukira. Mzere wina chapakati unagumuka, wotsatira n'kugumukanso, ndipo kamtsinje kanatsika kudutsa pafupi ndi mapazi awo kulowera kudambo. Kuchokera m'minda ya anthu ena madzi ankatsika ofiira monga mwa masiku onse. Ochokera m'munda uja anali akuda bii.

A Ester anawerama movutikira, mawondo akulira, n'kutchinga madziwo ndi chikhatho ngati angawabweze. Anadutsa m'mipata ya zala zawo n'kupitirira.